Alamu ya okalamba ndi ya akuba ku UK: foni ya waya ikachoka, chikugwirabe ntchito n'chiti?

Kabatani kofiira kamene okalamba ambiri ku UK amavala m'khosi kapena pamkono n'kosavuta kukamvetsa. Munthu akaterereka m'bafa amakadina, kabataniko n'kutumiza chizindikiro cha wailesi pa 869 MHz ku kabokosi kamene kamakhala pabalaza kapena pafupi ndi khomo. Kabokosiko kamaimba ku likulu loyang'anira ma alamu, limene amisiri amalitchula mwachidule kuti ARC. Wantchito wa kumeneko amaona pa kompyuta dzina la woimbayo, adiresi, matenda ake ndi manambala a achibale, kenako mawu ake amamveka pa sipika m'nyumba monse kufunsa ngati muli bwino. Kukakhala zii, amaimbira wachibale amene ali ndi kiyi kapena ambulansi. Anthu pafupifupi 2 miliyoni m'dzikomo amadalira ntchito imeneyi, yomwe amaitcha telecare.

Kwa zaka zambirimbiri zonsezi zinkayenda pa foni ya waya ya m'nyumba, ndipo foni imeneyo ndi imene ikutha. Openreach, kampani yosamalira mawaya a BT, inasiya kugulitsa mafoni a waya atsopano m'dziko lonse mu Seputembala 2023. Poyamba ankati netiweki yakale itsekedwa pofika Disembala 2025, koma mu Meyi 2024 BT inasuntha tsikulo kufika pa 31 Januwale 2027. Nambala yanu imakhala yomweyo, ndipo m'malo ena mawaya a kopa akhalapobe potengera intaneti. Chikusintha n'chakuti mawu ayenda pa intaneti, ndipo foni ikulumikizidwa kumbuyo kwa rauta m'malo mwa soketi ya pakhoma. Pa Smart Hub 2 ya BT ndi kabowo kobiriwira kaja.

Nkhaniyi ikutikhudza ambiri. Amalawi, anzathu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ochuluka akugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo kawirikawiri wosamalira ndiye amayamba kuona kuti patebulo pabwera rauta yatsopano pamene kabokosi ka alamu kakadali pa soketi yakale. Ena ali ndi makolo kapena apongozi amene amatsala okha masana. Ena ali ndi kashopu kapena saluni yokhala ndi alamu ya akuba. Apa tikuunika zimene makampani ndi makhonsolo akupereka m'malo mwa foni ya waya.

Chigamulo tichinene pompano. Alamu yoyenera ndalama zanu ndi imene ili ndi SIM khadi yakeyake ndi batire lakelake, yosadalira rauta ya m'nyumba, ndiponso imene ARC imadziwa yokha ikasiya kulankhula. Kutenga kabokosi kakale n'kukalumikiza kumbuyo kwa rauta n'kotchipa, ndipo tsiku loyamba kamagwira ntchito bwinobwino. Ubwino wa tsiku loyambawo ndi umene umapusitsa anthu.

Kabokosi kakale pa rauta

Vuto loyamba ndi magetsi. Foni ya waya inkabwera ndi magetsi akeake, mavoti pafupifupi 50 ochokera ku mabatire akuluakulu a kampani ya foni. Kabokosi ka alamu nako kanali ndi batire lake. Ndiye magetsi akazima m'mudzi monse, batani linkagwirabe ntchito. Lero kabokosiko batire kali nalobe, kanyali kake kamayaka bwinobwino, koma kakaimba kamapeza rauta ili thii. Pa intaneti ya faiba yofika mpaka m'nyumba palinso kabokosi kena koyera kapakhoma, ONT, kamene nako kamafuna magetsi. Lamulo la Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni ku UK, limauza makampani a foni kuti apereke njira yoti munthu wodalira foni ya m'nyumba aimbirebe 999, nambala ya ngozi, kwa ola limodzi magetsi atazima, ndipo kwa anthu amene ali pachiopsezo aipereke mwaulere. Ola limodzi limenelo ndi lochepa. Mphepo yamkuntho ya Arwen itawomba mu Novembala 2021, nyumba zina kumpoto kwa England ndi ku Scotland zinakhala sabata ndi kupitirira popanda magetsi, ndipo mu Malichi 2022 BT inayamba yaimitsa kaye kusamutsa anthu kupita ku Digital Voice, foni yake ya pa intaneti. Amene anakulira pa magetsi a ESCOM safunika kuwafotokozera zimenezi kawiri. Azungu ambiri ndi amene amadabwa kumva kuti foni ingathe kuzima pamodzi ndi nyale.

Mungathe kugula UPS yaing'ono, batire losunga magetsi, yoyendetsa rauta ndi ONT. Kuwerengera kwake n'kosavuta: ngati ziwirizi zikudya mawati 15 pamodzi, maola 8 akufuna batire la 120 Wh, ndipo onjezerani pang'ono chifukwa batire silitulutsa zonse zimene zalembedwa pachikuto. Onani chizindikiro cha pansi pa rauta kuti mavoti ndi kukula kwa pulagi zifanane; marauta ambiri ndi a 12 V, koma si onse. Pa faiba yeniyeni UPS imathandizadi, chifukwa pakati pa nyumba yanu ndi likulu la kampani palibe chida chofuna magetsi. Pa intaneti yodutsa m'mabokosi a m'mphepete mwa msewu aja, bokosi la mumsewu likazima UPS yanu imangoyatsa nyali za rauta basi.

Vuto lachiwiri n'lobisika, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Ma alamu akale salankhula ndi ARC pogwiritsa ntchito mawu kapena data, koma timaphokoso tofanana ndi tomwe mumamva mukadina mabatani a foni. Pa telecare pali zilankhulo monga BS 8521 ndi TT92, pa ma alamu a akuba chofala ndi Contact ID. Titenge Contact ID kuti muone kufupika kwa nthawi yake. ARC ikayankha imaliza kaphokoso ka 1400 Hz kenako ka 2300 Hz, kalikonse kwa mamilisekondi 100. Alamu ikamva zimenezo imatumiza manambala 16, nambala iliyonse ikulira mamilisekondi 50 n'kupuma 50. ARC ikalandira zonse bwino imalizanso 1400 Hz kusonyeza kuti uthenga wafika, alamu n'kudula foni. Tsono pa intaneti mawu amadulidwa m'timaphukusi ta mamilisekondi 20. Kaphukusi kamodzi kakatayika pamene anthu akucheza, khutu silimva n'komwe. Kakatayika pakati pa nambala ya mamilisekondi 50, nambalayo yawonongeka, uthenga wonse wakanidwa, alamu iyambirenso kuimba. Palinso makina ochotsa phokoso ndi ofinya mawu amene anapangidwira mawu a munthu, ndipo foni imodzi ingadutse m'makampani awiri kapena atatu isanafike ku ARC, iliyonse ndi makina ake.

Chifukwa chake kulephera kwa mtunduwu sikuchitika nthawi zonse. Mmisiri amayesa kamodzi, zatheka, wasayinitsa pepala, wapita. Usiku wina kabokosiko kayesa kawiri kapena katatu kasanamveke, kapena kafika koma ARC osadziwa kuti wayimba ndani, kapena njira ya mawu osatseguka. Munthu ali pansi nthawi yonseyo.

Chachitatu chimaphonyedwa ngakhale ndi amisiri ena. Kabokosi kakale kamadziwa kuti foni yaduka poyeza magetsi a pa waya. Akasowa, kamalira kuchenjeza a m'nyumba. Rauta nayo imatulutsa magetsi amenewo pa kabowo ka foni bola ikhale yoyaka, intaneti ilipo kaya palibe. Choncho intaneti ingaduke Lachisanu madzulo, kabokosi n'kumakhulupirira kuti zonse zili bwino mpaka Lolemba. Ku ARC nakonso sadziwa kanthu, chifukwa mabokosi akale amangoimba kukakhala vuto kapena pa nthawi yoyesera imene imatalikirana masiku. Onjezerani pamenepo kuti masoketi a m'zipinda zina amafa rauta ikabwera, pokhapokha wina alumikizenso mawaya a m'nyumbamo. Alamu imene inali kuchipinda cha agogo imatsala pa soketi yopanda kanthu.

Izi sizongoganizira. Kumapeto kwa 2023 boma linamva za ngozi zoopsa zokhudza anthu a telecare amene foni zawo zinasamutsidwa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho makampani akuluakulu, kuphatikizapo BT, Sky ndi Virgin Media O2, anasayina pangano loti sadzasamutsa munthu wa telecare asanatsimikize kuti alamu yake igwira ntchito. Ofcom inafufuza Virgin Media kuyambira 2024, ndipo mu Disembala 2025 inailipiritsa mapaundi 23.8 miliyoni chifukwa cha momwe inasamutsira makasitomala amenewa. Pangano lija limathandiza amene kampani ikuwadziwa. Imbani ku kampani ya foni, nenani kuti m'nyumbamo muli alamu ya telecare, ndipo pemphani kuti azilembe pa akaunti. Chitaninso chimodzimodzi musanasinthe kampani ya intaneti, chifukwa anthu ambiri amasamutsidwa pamene akungofuna mtengo wotsika, osadziwa kuti asayinira kutha kwa foni ya waya.

Kabokosi katsopano ka digito

Mayina amene muwaone pa mabokosi a makhonsolo ndi makampani ndi monga Tunstall Lifeline Digital, Chiptech SEVEN, Careium Eliza ndi NOVO ya Legrand Care. Mawonekedwe amasiyana, koma kapangidwe n'kamodzi. M'kati muli SIM khadi ya 4G imene imatha kusankha netiweki iliyonse yamphamvu pamalopo, ena ali ndi ma SIM awiri, ndipo ambiri ali ndi kabowo ka waya wa intaneti ngati njira yachiwiri. Uthenga umapita ngati data, m'zilankhulo monga SCAIP, chimene chinayambira ku Sweden, kapena TS 50134-9. Dzina la woimba ndi mtundu wa alamu zimafika m'masekondi ochepa, osadikira timaphokoso tija. Batire liyenera kukwana maola 24 magetsi atazima, ndipo mabokosi ambiri amapitirira pamenepo.

Chimene chikupangitsa kuti kabokosika kapambane si liwiro koma kugunda kwake, konga kwa mtima. Pakapita mphindi zingapo kamatumiza kauthenga kakang'ono kosonyeza kuti kali moyo, pamodzi ndi mphamvu ya netiweki, mmene batire lilili, komanso ngati pulagi yazulidwa. Kakasiya, kompyuta ya kampani imaona. Foni ya waya sinkachita zimenezi pa telecare. Wosamalira akazula pulagi kuti aikepo makina osesera n'kuiwala kubwezera, kampani ingathe kuimba tsiku lomwelo, m'malo modzazindikira batire litatha.

Komatu walira mvula walira matope. Kugunda kumeneku kuli ndi phindu ngati pali munthu woyang'ana. Makampani ena amaimbira wachibale kabokosi kakangokhala chete maola ochepa. Ena uthengawo umangogona mu kompyuta mpaka wantchito adzatsegule Lolemba. Funsani mosapita m'mbali: kabokosi kakasiya kulankhula, mudziwa pakapita nthawi yaitali bwanji, muimbira ndani, ndipo Loweruka usiku zimatero? Wogulitsa akayamba kuzungulira pa funso limeneli, pitani kwina.

Funso lachiwiri n'la amisiri, koma aliyense angalifunse. Kodi kabokosika kakulankhula ndi ARC pa SCAIP kapena TS 50134-9, kapena kakutumizabe timaphokoso takale? Alipo mabokosi atsopano, okhala ndi SIM khadi, amene anawatchera kuti aziimba foni wamba ya m'manja n'kumaliza timaphokoso tomwe tija, chifukwa ARC yawo sinasinthe makina. Netiweki ya foni ya m'manja imafinya mawu kuposa foni ya pa rauta. Kunja kabokosiko n'katsopano, koma nthenda yake ndi yakale ija.

Netiweki nayo ili ndi malire. Nyumba zamiyala za ku Wales ndi Scotland, zipinda zapansi, ndi nyumba zatsopano zokutidwa ndi zotchingira kuzizira zokhala ndi chitsulo chopyapyala m'makoma zimafooketsa 4G. Nsanja za foni zili ndi mabatire a maola ochepa okha, ndipo zina zilibe n'komwe, choncho magetsi akazima dera lonse kwa masiku, SIM khadi nayo ingagwiritse mwala. Apa ndi pamene SIM yosankha netiweki imaposa ya kampani imodzi: nsanja ina ikazima ina ingakhale ikuyakabe. Onetsetsaninso kuti kabokosiko n'ka 4G. Makampani a foni atseka 3G, Vodafone ndi EE anamaliza kumayambiriro kwa 2024, ndipo 2G yonse iyenera kukhala itatsekedwa pofika 2033. Kabokosi kodalira 2G kokha mukagula lero mudzakagulanso.

Kuika kwake kumatenga nthawi yochepa, ndipo makampani ambiri amangotumiza pa positi kuti muike nokha. M'pamene zambiri zimalakwika. Kabokosi kakhale pakati pa nyumba, pamalo pamene sipika imveke kuchipinda ndi kubafa, osati kuseri kwa TV kapena pafupi ndi firiji, ndipo pulagi yake ilowe pakhoma penipeni, osati pa extension imene anthu amazimitsa pogona. Mukayatsa, onani mphamvu ya netiweki. Ikakhala yofooka sunthirani kufupi ndi zenera kapena pemphani mlongoti wapadera. Kenako auzeni a ARC kuti mukuyesa, ndipo dinani batani muli pansi m'bafa chitseko chili chotseka, muli kuchipinda cham'mwamba, muli kumapeto kwa munda, ndiponso pamene pamakhala mabini. Dinani batani lili pafupi ndi simenti, chifukwa munthu wogwa sakhala chilili, ndipo nthawi zina thupi lake limaphimba batanilo. Mtunda wolembedwa pa katoni anauyeza pabwalo popanda makoma.

Zida zina za m'nyumba musaziiwale. Ngati kabokosi kakale kanali kolumikizidwa ndi chodziwitsa utsi, chodziwitsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, kapena kamphasa ka pabedi kodziwitsa kuti munthu wadzuka usiku osabwerera, chilichonse chiyenera kulembetsedwanso pa kabokosi katsopano n'kuyesedwa pachokha. Zida za kampani ina nthawi zambiri sizimvana ndi za kampani ina ngakhale zonse zili pa 869 MHz. Chodziwitsa utsi chingalire m'nyumba monga kale koma ku ARC osafika kanthu.

Za batani lozindikira lokha kuti munthu wagwa, mawu ndi ochepa: limamva kugwa kwamphamvu, koma munthu wotsetsereka pang'onopang'ono kuchokera pampando nthawi zambiri silimumva, ndipo makampani eni ake amalemba zimenezi m'mapepala awo. Mabatani ambiri salowa madzi, choncho avalidwe posamba. Kuwapachika pa chitseko cha bafa n'kumene kumapweteketsa anthu. Tizida ta GPS toyenda nato kumsika n'tabwino kwa amene akadali amphamvu, koma timafuna kutchaja tsiku lililonse kapena pakapita masiku ochepa, ndipo m'nyumba GPS siloza molondola. Kwa munthu woiwalaiwala, kachida kofuna kutchaja kamathera mu drowa.

Anthu a ku ARC

Zida zikakhala bwino, chotsala ndi amene akuyankha. Bungwe la TSA, loimira makampani a telecare, lili ndi muyezo wotchedwa Quality Standards Framework, umene umafuna kuti ma alamu 97.5 pa 100 aliwonse ayankhidwe pasanathe masekondi 60. Kampani imene ili ndi chiphaso chimenechi ndi poyambira pabwino. Koma dziwani chimene mukugula. Pa mtengo wamba, ARC siituma galimoto yake. Imaimbira anthu amene munawalembetsa, akalephera iitana ambulansi. Ku England munthu wogwa koma wosavulala kwambiri amaikidwa m'magulu apansi pa mndandanda wa ambulansi, ndipo ngakhale cholinga cha gulu lachitatu n'chakuti odwala 9 mwa 10 afikiridwe pasanathe maola awiri. Makhonsolo ena ali ndi magulu awo odzutsa anthu ogwa, obwera ndi khushoni yopopa kapena mpando wonyamulira. Ngati khonsolo yanu ili ndi ntchito imeneyi, iposa kampani ya pa intaneti ngakhale kabokosi kakhale kofanana.

Lembetsani anthu awiri kapena atatu okhala pafupi, osati mwana wa ku Manchester pamene amayi ali ku Luton, ndipo kumbukirani kuti wogwira ntchito ya usiku foni yake imakhala mu loka. Ikani kabokosi ka kiyi panja, ka chizindikiro cha apolisi cha Secured by Design, kokhomeredwa mu njerwa osati m'matope a pakati pa njerwa, ndipo nambala yake ipite ku ARC. Popanda kiyi, chitseko chimathyoledwa kapena anthu amaima panja kudikira. Ngati amayi kapena agogo Chingerezi chimawathawa akachita mantha, nenani kuti zilembedwe pa fayilo yawo, kuti woyankha akamva Chichewa aimbire mwana wawo nthawi yomweyo m'malo mobwereza mafunso.

Mtengo wa makampani ambiri uli pakati pa mapaundi 15 ndi 30 pamwezi, kutengera zida, ndipo ena amawonjezera ndalama yoyambira. Kabokosi ka digito kamakwera pang'ono kuposa kakale chifukwa SIM khadi imalipiridwa. Munthu wolumala kapena wodwala matenda okhalitsa salipira VAT ya 20 pa 100. Ndi kungodzaza kafomu kakafupi. Zida nthawi zambiri n'zobwereka, zimabwezedwa mukasiya. Lembetsaninso dzina la wokalambayo pa Priority Services Register ya kampani ya magetsi, kaundula wa anthu ofunika thandizo lapadera, zomwe ndi zaulere, ndipo magetsi akazima nambala yoimba ndi 105.

Alamu ya akuba

Kuno zinthu zili patsogolo, chifukwa makampani a inshuwalansi anayamba kalekale kufuna njira ziwiri. Amene ali pamavuto ndi a ma alamu akale oimba pa foni ya waya yokha. Mawaya a ma alamu amenewa ankalumikizidwa pa soketi yoyamba ya nyumba, kutsogolo kwa mafoni onse, kuti alamu ilande foni ikafuna kuimba. Foni ikasamukira pa rauta, alamu imatsala ikuimba pa waya wakufa. Belu lapanja limalira, koma kulikulu sikufika kanthu. Enanso anali pa Redcare ya BT, njira yotumizira uthenga wa alamu ku ARC, imene kwa zaka zambiri inshuwalansi inkaitchula ndi dzina m'mapangano. Mu Febuluwale 2024 BT inalengeza kuti ikutseka Redcare mu 2025, ndipo makasitomala a zida zake zatsopano anapita ku AddSecure. Ngati pepala lanu la inshuwalansi likutchulabe Redcare, lembetsani kuti avomereze chida chatsopano musanaike, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Nkhani yabwino n'njakuti panelo, bokosi lalikulu loyendetsa alamu, sifunika kuchotsa. Mmisiri amawonjezera kachida kotumiza uthenga, monga DualCom Pro ya CSL kapena zida za AddSecure, kamene kamatenga magetsi ku batire la panelo. Pa mapanelo akale kachidaka kamalumikizidwa pamene panali waya wa foni, kamanamizira kukhala ARC, kamamva timaphokoso tija pa waya wa masentimita ochepa pamene palibe chowononga, kenako n'kutumiza ngati data. Mmisiri wabwino amawerengeranso batire, chifukwa kachidaka kamadya magetsi. Batire lofala ndi la 12 V 7 Ah, ndipo alamu ya Grade 2, yofala m'nyumba ndi m'timashopu, iyenera kukhala maola 12 popanda magetsi. Batire la zaka zisanu silingakwanitse. Lisinthidwe tsiku lomwelo.

Zilembo zofunika pa pepala la mtengo ndi SP ndi DP, zochokera ku muyezo wa EN 50136. SP ndi njira imodzi, DP ndi njira ziwiri, ndipo nambala yotsatira imasonyeza kuti ARC idziwa mwachangu bwanji njira ikaduka. Pa SP2 ndi maola 25, kutanthauza kuti akuba angadule Loweruka usiku n'kudzamveka Lamulungu usiku. Pa DP2 njira yaikulu ikaduka zimadziwika pasanathe mphindi 30, pa DP3 pasanathe mphindi 3. Kwa nyumba wamba kapena kashopu DP2 imakwana. Ogulitsa mafoni, mowa kapena fodya inshuwalansi ingawafune DP3. Njira ziwirizo zingakhale intaneti ya m'nyumba ndi SIM, kapena ma SIM awiri a manetiweki osiyana. Ya ma SIM awiri ndiyo yopanda mavuto ambiri pa kashopu, chifukwa siikhudzana ndi rauta. Pa njira ya Wi-Fi, tsiku limene mwasintha kampani ya intaneti kapena password, alamu imatsala ndi mwendo umodzi, ndipo uthenga wa pa keypad wonena zimenezo anthu amangoudina kuti usiye kulira.

Ma alamu ogula m'sitolo otumiza uthenga pa app ya foni yanu ndi otchipa ndipo ali ndi malo ake, koma mlonda ndinu nomwe. Mukakhala pa shifiti kapena m'ndege kupita kumudzi, palibe woyankha. Apolisi amabwera chifukwa cha alamu yokha ngati ili ndi nambala yawo yotchedwa URN, ndipo imeneyo imaperekedwa alamu ikaikidwa ndi kampani yovomerezedwa ndi bungwe loyendera makampani a ma alamu, NSI kapena SSAIB, yolumikizidwa ku ARC yovomerezeka. Ngakhale apo, amafuna alamu yotsimikizika, mwachitsanzo masensa awiri osiyana kulira motsatizana, ndipo ma alamu abodza atatu m'miyezi 12 amachotsetsa mwayi woti apolisi azibwera msanga.

Amene mumagwira ntchito m'nyumba za okalamba za mafulati ambiri, funsani a ofesi za zida zina zimene zili pa foni ya waya mosaonekera: foni ya m'chikepe, alamu ya moto, belu la pakhomo lalikulu, ndi zingwe zofiira zolendewera m'mabafa. Zonsezi zimadutsa pa makina amodzi kapena awiri m'kachipinda kokiya, ndipo kusintha kwake ndi ntchito ya eni nyumba, osati ya wokhalamo.

Kuyesa komaliza, kaya ndi telecare kaya ndi alamu ya akuba, n'kumene makampani ochepa amakuchitirani. Uzani a ARC kuti mukuyesa. Zulani pulagi ya rauta, ya ONT ndi ya kabokosi ka alamu, zonse zitatu, kapena tsitsani switch yaikulu ngati m'nyumbamo mulibe makina a odwala ofuna magetsi. Dikirani mphindi 10 kuti kabokosi kasamukire pa batire ndi pa SIM, kenako dinani batani ndipo werengani masekondi mpaka mawu amveke. Funsani woyankhayo ngati waona dzina loyenera, komanso ngati uthenga woti magetsi azima wafika kapena ufika nthawi yanji, chifukwa mabokosi ambiri amauchedwetsa dala kuti asadzaze ARC magetsi akangophethira. Bwezerani mapulagi onse, dikirani rauta iyake, dinaninso. Batani lizidinidwa kamodzi pamwezi, tsiku losaiwalika monga lolipira lendi, ndipo kuyesa kozimitsa magetsi kubwerezedwe rauta ikasinthidwa komanso mu Okutobala, nyengo ya mphepo isanayambe.